Njinga ya M'mapiri: Chiyambi, Kapangidwe ndi Kasamalidwe Kake

Kupalasa njinga m'mapiri ndi masewero amene wopalasa amasiya msewu wa phula n'kulowa m'tinjira ta m'nkhalango, m'zitunda ndi m'matsitso momwe muli miyala, mizu ya mitengo, mchenga ndi matope, ndipo cholinga chake chimakhala kulimbitsa thupi ndi kukondwera ndi luso loyendetsa njinga pamalo ovuta. Poiona patali, njinga yochitira masewerowa imafanana ndi njinga yakapalasa ina iliyonse, koma pafupifupi chitsulo chake chilichonse, kuyambira kumawilo mpaka kumabuleki, chinapangidwa pofuna kuthana ndi vuto limene phiri linkabweretsa pa njinga zakale. Pachifukwa chimenechi, luso lopalasa ndi luso lokonza zimayendera limodzi, ndipo munthu amene sadziwa mmene phiri limadyera njinga sachedwa kubwerera kunyumba akuikankha.

Kumene masewerowa anayambira

Masewerowa, monga momwe akudziwikira lero, anayambira m'dera la Marin County m'chigawo cha California ku America m'zaka za m'ma 1970, pamene achinyamata ena anayamba kutola njinga zakale zolemera za kampani ya Schwinn, zopangidwa m'ma 1930 ndi m'ma 1940, n'kumatsetsereka nazo m'misewu yafumbi ya phiri la Tamalpais ndi mapiri oyandikana nalo. M'mwezi wa Okutobala 1976, Charlie Kelly ndi anzake anayambitsa mpikisano wotsetsereka pamsewu wina pafupi ndi tauni ya Fairfax, wotalika makilomita opitirira pang'ono 3 koma wotsika mamita pafupifupi 400. Mabuleki a njinga zambiri za nthawiyo anali m'kati mwa habu, chomwe ndi chitsulo cha pakati pa wilo pomwe masipoko amayambira, ndipo ankagwira munthu akaponda mapedulo chobwerera m'mbuyo. Pamatsitso amenewo mabulekiwa ankatentha kwambiri moti girizi wa m'habu ankapsa n'kumafuka utsi, kotero kuti wopalasa ankayenera kumasula habuyo ndi kulongedzamo girizi wina asanatsetserekenso, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inapatsa msewuwo dzina lakuti Repack, lomwe m'Chingerezi limatanthauza kulongedzanso.

Kuthyoka ndi kupsa kwa njinga zakalezo kunachititsa Joe Breeze kupanga felemu latsopano loyenera m'phiri m'chaka cha 1977, ndipo mu 1979 Gary Fisher ndi Charlie Kelly anayamba kugulitsa njinga zimene mafelemu ake ankapangidwa ndi Tom Ritchey. Mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa njinga yotchedwa Stumpjumper, imodzi mwa njinga zoyamba za m'mapiri kupangidwa zambirimbiri m'fakitale. Bungwe la UCI, lomwe limayendetsa masewero a njinga padziko lonse, linachititsa mpikisano wake woyamba wa akatswiri a m'mapiri ku Durango m'chigawo cha Colorado mu 1990, ndipo mu 1996 masewerowa analowa mu mpikisano wa Olympics ku Atlanta, komwe Bart Brentjens wa ku Netherlands ndi Paola Pezzo wa ku Italy anapata mendulo za golide. Kuno ku Africa, mpikisano wodziwika kwambiri ndi Cape Epic wa ku South Africa, umene unayamba mu 2004 ndipo opalasa amapikisana awiriawiri kwa masiku 8.

Mmene njingayi inapangidwira

Kusiyana koyamba ndi njinga zina kuli pa matayala, omwe ndi onenepa, kawirikawiri mainchi 2 kufikira 2.6 m'lifupi, ndipo ali ndi timano ta labala tolumira nthaka. Kwa zaka zambiri mawilo ake anali a mainchi 26, koma masiku ano ofala ndi a mainchi 27.5 ndi 29, popeza wilo lalikulu limadutsa pamiyala ndi m'maenje mosagwedeza kwambiri. Matayalawa sapopedwa molimba ngati a njinga ya pamsewu, chifukwa tayala lofewerapo limagwira nthaka bwino m'malo mongodumphadumpha, komabe mpweya ukachepa kwambiri chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi mwala n'kubooka malo awiri nthawi imodzi. Pofuna kupewa vutoli, opalasa ambiri amagwiritsa ntchito matayala opanda chubu, momwe amathiramo madzi omata amene amatseka okha tizibowo ta minga.

Magiya amathandiza wopalasa kukwera chitunda popanda kutsika, ndipo amasinthidwa ndi kachipangizo kotchedwa derailleur, kamene kamasuntha tcheni kuchoka pa sipuloketi ina kupita pa ina. Kale njinga za m'mapiri zinkakhala ndi masipuloketi atatu kutsogolo, koma kuyambira mu 2012, pamene kampani ya SRAM inatulutsa magiya a sipuloketi imodzi kutsogolo ndi 11 kumbuyo, njinga zambiri zinatsata njira imeneyi chifukwa tcheni sichigwaigwa. Mashoko, omwe ndi zipangizo za sipuling'i kapena za mpweya zochepetsa kugunda kwa mabampu, amakhala pa foloko ya kutsogolo pokha kapena kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo pa njinga zoyenda mitunda italiitali amatsika mamilimita 100 kufikira 120, pamene pa njinga zotsetserekera amafika mamilimita 200. Mabuleki ofala masiku ano ndi a disiki, kambale kachitsulo komangidwa pa habu, kamene kamakhala patali ndi matope poyerekeza ndi limu, ndipo amakokedwa ndi waya kapena kukankhidwa ndi mafuta odutsa m'kapaipi.

Luso la m'njira

Potsetsereka, wopalasa amadzuka pachishalo n'kuima pa mapedulo olingana, mawondo ndi zigongono zili zopindika pang'ono kuti njinga izigwedezeka pansi pake popanda kumuponya, ndipo maso ake amakhala patsogolo pomwe akufuna kudutsa, popeza njinga imalondola kumene maso akuyang'ana. Mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili pa mabuleki a kutsogolo, koma amafunika kuwakoka pang'onopang'ono, chifukwa kuwagwira mwadzidzidzi kumagwetsa munthu chamutu, pamene kudalira a kumbuyo okha kumachititsa wilo kukhukhuluzika. Liwiro limachepetsedwa munthu asanafike pokhota, ndipo giya yopepuka imasankhidwa chitunda chisanakule, chifukwa kusintha giya uku akuponda mwamphamvu kumapinda kapena kudula tcheni. Chipewa choteteza mutu n'chofunika pa ulendo uliwonse, ndipo chikamenyetsedwa pansi pangozi chiyenera kusinthidwa ngakhale chioneke chabwinobwino, popeza chimateteza pophwanyika m'kati.

Kasamalidwe

Chitsulo chimene chimatha msanga ndi tcheni, ndipo chimene chimachidya kwambiri ndi fumbi losakanikirana ndi oilo, lomwe limasanduka phala lokhakhala lopera zitsulo ngati mwala wonolera mpeni. Choncho tcheni chimayamba chapukutidwa kapena kutsukidwa n'kuuma, kenako oilo amadonthezedwa pa mfundo iliyonse, ndipo wotsalira kunja amapukutidwa ndi kansalu, chifukwa oilo amafunika m'kati mwa mfundo osati pamwamba. Tcheni chikamatha chimatalika pang'ono, ndipo chikatalika ndi theka la peresenti pa njinga za magiya 11 kapena 12, kapena ndi 0.75 peresenti pa za magiya ocheperapo, chimayamba kudya mano a masipuloketi. Kachipangizo koyezera kutalikako n'kotchipa, ndipo kusintha tcheni pa nthawi yake kumapulumutsa ndalama zambiri zimene zikanapita pogula masipuloketi onse atsopano.

Mabuleki a disiki ali ndi mdani wake, yemwe ndi oilo yemweyo, pakuti dontho limodzi likagwera pa disiki kapena pa timapadi tofinya disikiyo, mabuleki amayamba kulira ndi kuterera, ndipo nthawi zambiri timapadito timayenera kutayidwa. Timapadi timasinthidwanso tikaperepeseka kufika pa milimita imodzi, chitsulo chisanayambe kukhuzana ndi chitsulo chinzake. Pa mabuleki a mafuta, chogwirira chikayamba kufewa ndiye kuti m'kapaipi mwalowa mpweya umene uyenera kutulutsidwa, ndipo pothiramo mafuta ena n'kofunika kudziwa mtundu wake, chifukwa mabuleki a kampani ya Shimano amafuna mafuta a mineral pamene ena amafuna a DOT, ndipo kusakaniza mitundu iwiriyi kumawononga timalabala ta m'kati.

Potsuka njinga, ndowa ya madzi a sopo ndi burashi n'zokwanira, pamene madzi opopedwa mwamphamvu amalowa m'mahabu ndi m'mashoko n'kukokolola girizi. Mashoko amachunidwa molingana ndi kulemera kwa mwini njinga, kotero kuti akakhala pachishalo atsike ndi 20 kufikira 30 peresenti ya kutsika kwake konse. Madzi omata a m'matayala amauma pakatha miyezi ingapo, makamaka kumalo otentha, ndipo amafunika kuwonjezera. Ulendo usanayambe, wopalasa amaona mpweya, mabuleki, kulimba kwa mawilo ndi mabawuti a chiwongolero, ndipo amanyamula pampu, chubu chapadera, zigamba, tisipanala ndi madzi akumwa, chifukwa m'nkhalango mulibe wokonza njinga.

Njira ndi eni ake

Bungwe la IMBA, limene linakhazikitsidwa ku California mu 1988 pamene njira zina zinkatsekedwa kwa opalasa chifukwa cha madandaulo a oyenda pansi, limalimbikitsa kuti wanjinga azipatukira woyenda pansi, wotsetsereka azipatukira wokwera, ndiponso kuti njira zamatope zizipewedwa popeza matayala amasiya ngalande zomwe madzi a mvula amakulitsa. Malangizowa ali ndi tanthauzo lalikulu m'Malawi, momwe malo monga mapiri a Nyika, phiri la Zomba ndi nkhalango ya Luwawa ku Viphya amakopa opalasa, pakuti tinjira tambiri ta m'mapiri muno ndi tomwe amayi amadutsamo atasenza nkhuni ndi ana popita kusukulu. Wopalasa m'tinjira totere ndi mlendo, ndipo kuchepetsa liwiro, kuliza belu ndi kupereka moni ndi mbali ya luso lake.

Pogula njinga, chinthu choyamba kuganizira ndi kupezeka kwa zipangizo zake, chifukwa njinga ya mashoko awiri ndi mabuleki a mafuta imafuna zida ndi ukatswiri umene supezeka pamsika uliwonse, pamene ya shoko imodzi ndi mabuleki a waya ikhoza kukonzedwa ndi amisiri ambiri a m'misika. Kwa munthu wongoyamba kumene, njinga yosavuta kukonza, yolingana ndi msinkhu wake, imene tcheni chake chimapukutidwa akabwerako ku ulendo uliwonse, imamutumikira zaka zambiri kuposa yodula imene ingagone miyezi m'nyumba podikira kachitsulo kamodzi kochokera kunja.