Noradrenaline: mthenga wa m'thupi amene agwira cingwe ca BP

Si cacilendo m'makomboni kumva kuti munthu amene anapatsidwa mapiritsi a BP ku kiliniki wawaleka mwezi usanathe. Akafunsidwa, cifukwa cimene amachula kawirikawiri ndi cizungulire: akanyamuka pa mpando kapena pa mphasa m'maso mumacita mdima, mawondo amalefuka, ndipo iye amati mankhwalawo ndiwo afuna kumupha. Wina amaleka cifukwa mutu unasiya kuwawa. Winanso amati BP yake inabwera ndi maganizo, tero popeza nkhongole yalipiridwa ndipo mwana wapeza nchito, matenda nawonso apita. Kuleka kotereku kwagoneka anthu ambiri m'cipatala atafa ziwalo mbali imodzi. Zonsezi zimamveka bwino munthu akadziwa nchito ya kanthu kamodzi ka m'thupi kamene madokotala amakachula kuti noradrenaline.

Thupi limadzipangira lokha noradrenaline. Kuwonjezera pa mizipe yoyendamo magazi, munthu ali ndi mitsempha yopyapyala ngati ulusi imene imanyamula mauthenga kucokera ku ubongo. Ina imamvera cifuniro ca mwini wake, monga ija yonyamula dzanja. Ina imagwira nchito yokha usana ndi usiku, ndipo pakati pa imeneyi pali gulu limene nchito yake ndi kufulumizitsa thupi. Pamene mtsempha wathera, uthenga sungalumphe wokha kulowa mu mtima kapena mu mzipe. Mtsempha umatulutsa timadontho ta noradrenaline, ndipo iyeyu ndiye mthenga amene amafikitsa mau.

Kwa mtima amati gunda msanga ndiponso mwamphamvu. Kwa mizipe ing'onoing'ono, imene ili ndi kamnofu kozungulira m'zipupa zake, amati finyika. Amene anathirirapo dimba ndi paipi ya mphira adziwa cimene cimacitika cala cikatsekako kukamwa kwa paipiyo: madzi ndi omwewo koma mphamvu yake imakwera. Ndi mmenenso BP imakwerera. Noradrenaline wina wocepa amacokera m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timathira m'magazi mbale wake wochuka uja, adrenaline. Pa zimene tiziwaloti timathira, pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi adrenaline ndipo 20 ndi noradrenaline.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti mthenga wa mitsemphayi ndi adrenaline. Mu 1946 Ulf von Euler wa ku Karolinska Institute mu mzinda wa Stockholm, ku Sweden, anaonetsa kuti ndi noradrenaline. Pambuyo pake Julius Axelrod wa ku America anapeza kuti mthengayu akafikitsa mau sacedwa panja, mtsempha umamuyamwanso ndi kumusunga kuti adzatumidwenso. Awiriwa pamodzi ndi Bernard Katz analandira mphotho ya Nobel mu 1970. Copangira noradrenaline ndi tyrosine, amene apezeka mu nyemba, nshawa, kapenta, mazira ndi nyama. Munthu wodya nsima ndi ndiwo zotere alibe cifukwa cotayira ndalama pa mabotolo ogulitsidwa m'misika amene eni ake amati ndi olimbitsa mitsempha.

Kumene cizungulire cicokera

Nchito yaikulu ya noradrenaline imacitika kambirimbiri pa tsiku popanda woiona. Munthu akaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposapo amatsikira ku miyendo ndi kumimba cifukwa ca kulemera kwake. Pakanakhala kuti palibe cowabweza, ubongo ukanasowa magazi ndipo munthu akanakomoka nthawi zonse pamene wanyamuka pa bedi. Koma m'mizipe ikuluikulu ya pakhosi ndi ya pamwamba pa mtima muli timalonda timene timamva BP ikatsika. Timauza ubongo, ubongo umalamula mitsempha, ndipo m'masekondi ocepa noradrenaline wafinya kale mizipe ya m'miyendo ndi ya m'mimba, mtima nawo wawonjezera liwiro. Munthu wathanzi sadziwa n'komwe kuti zimenezi zacitika.

Cizungulire cimabwera mthengayu akacedwa, kapena akapeza magazi ocepa oti akankhe. Kwa okalamba timalonda tija timamva mocedwa. Matenda a shuga a zaka zambiri amaononga mitsempha yomweyi. Kutsegula m'mimba, dzuwa la Okutobala ndi mowa wa dzulo zimacepetsa madzi m'thupi. Ndipo mapiritsi a BP, popeza nchito yao ndi kutsitsa, angathe kutsitsa mopitirira makamaka masabata oyamba kapena pamene mlingo wangowonjezeredwa.

Cizungulire cotere ciyenera kunenedwa ku kiliniki, cifukwa cili ndi muyeso wake. Namwino amapima BP wodwala atagona, kenaka ataimirira. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20, kapena ya pansi ndi 10, mkati mwa mphindi 3, dotolo angathe kucepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera kapena kupereka mtundu wina. Kunyumba, wodwala apatse mthenga nthawi yofika: akhale kaye m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi, agwedeze mapazi, kenaka aimirire atagwira cipupa. Amai amene akhala nthawi yaitali pa kampando pafupi ndi mbaula, kapena atawerama pocapa, acite cimodzimodzi. Ngozi yaikulu ili usiku, pamene agogo adzuka mofulumira kupita ku cimbudzi ca panja mu mdima. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'ciuno, kawirikawiri siibwereranso mmene inalili.

Kodi BP ndi matenda a maganizo?

Mu tsinde la ubongo muli kagulu ka maselo kochedwa locus coeruleus, kamene kamatumiza noradrenaline pafupifupi m'mbali zonse za ubongo. Ndi kamene kamagalamutsa munthu ndi kumucititsa kukhala cheru, ndipo kamakhala cete iye akagona tulo. Citseko cikagogodedwa pakati pa usiku, kaguluka ndi mitsempha ija zimadzuka pamodzi: tulo tatha, mtima ukugunda, manja azizira, m'kamwa mwauma. Tero amene amati mantha ndi maganizo zimakweza BP sanama ayi.

Koma kukwera kumeneko n'kwa kanthawi. Wogogodayo akadziwika kuti ndi mlamu wocokera kumudzi, mitsempha imayamwanso mthenga wake ndipo BP imatsika. Matenda a BP ndi pamene nambala ikhala pa 140/90 kapena kuposapo ngakhale mtima uli m'malo, itapimidwa pa masiku osiyana. Nkhawa ya miyezi yambiri, kusagona bwino ndi kunenepa kwambiri zimacititsadi mitsempha kutuma noradrenaline mopitirira. Komabe palinso impso, msinkhu, mtundu wa kumene munthu anabadwira, ndi mcere. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu Zambia mu 2017 pamodzi ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 18 mpaka 69 anali ndi BP yokwera. Anapezanso kuti munthu wamkulu amadya mcere wokwana magalamu 9.5 pa tsiku, pamene WHO imati usafike pa magalamu 5, amene ali ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Nkhongole ingathe, koma mcere wa m'ndiwo uli pomwepo, ndipo BP yokwera nthawi zambiri siwawitsa mutu n'komwe.

Cifukwa ca mthenga yemweyu, munthu amene wafika ku kiliniki ali wefuwefu, kapena amene mtima umamudumpha akaona yunifomu yoyera, angapezeke ndi nambala yoposa ya masiku onse. Ayenera kukhala pansi mphindi 5 asanapimidwe, ndipo asakhale atakoka fodya mkati mwa mphindi 30 zapitazo.

Mapiritsi amene amatseka makomo

Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku America anaonetsa kuti mthengayu amagogoda pa makomo a mitundu iwiri, imene anaicha alpha ndi beta. Makomo a alpha ndiwo amafinyitsa mizipe, a beta ndiwo amathamangitsa mtima. James Black wa ku Scotland anapanga propranolol m'zaka za m'ma 1960 kuti atseke makomo a beta, ndipo nchito imeneyi inamupatsitsa mphotho ya Nobel mu 1988. Atenolol ndi wa banja lomweli. Methyldopa, amene amai ambiri apakati amudziwa ndi dzina la Aldomet, amagwira nchito mu ubongo kuti mthenga asamatumidwe pafupipafupi, n'cifukwa cake amabweretsa tulo. Reserpine, amene anacotsedwa mu 1952 m'mizu ya comera ca ku India cochedwa Rauwolfia, amakhuthula nkhokwe za noradrenaline m'mitsempha. Ankatseka mphuno ndi kufoola anthu, ndipo masiku ano saperekedwa kawirikawiri.

Apa ndi pamene pali ngozi ya kuleka mwadzidzidzi. Mtima umene makomo ake akhala otseka miyezi yambiri ndi atenolol kapena propranolol umapanga makomo ena owonjezera. Mapiritsi akalekedwa tsiku limodzi, noradrenaline amapeza onse ali pululu. Mtima umathamanga, BP imalumpha, ndipo kwa munthu amene mizipe ya mtima wake inacepa kale, m'cifuwa mumawawa kapena mtima umagwidwa ndithu. Mankhwala a banja limeneli amacepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo wocepetsa ndi dotolo. Wodwala abwerere ku kiliniki mapiritsi asanathe, ndipo popita ku maliro kumudzi, kumene masiku atatu amasanduka masabata awiri, anyamule okwanira.

Kubwereka mapiritsi kwa aneba n'koopsanso. Propranolol angathe kutseka cifuwa ca munthu wa mphumu. Kwa amene amabaya insulin, amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene kukanamucenjeza kuti shuga watsika.

Masiku ano mankhwala oyambira pa BP nthawi zambiri sakhala a banja la atenolol. Amlodipine ndi mapiritsi ocotsa mcere ndi madzi kudzera mu mkodzo amatsitsa BP mwa njira zina, ndipo aonetsa kuti amagwira bwino pa anthu a mu Africa. Tero munthu amene mtundu umodzi wamubvutitsa sanafike pa mapeto, ilipo ina yoti ayese. Komabe otseka makomo a beta akali ofunika kwambiri kwa amene mtima wao unafooka. Mu matenda amenewa thupi limatuma noradrenaline wocuruka, ngati mlimi wokwapula ng'ombe yotopa, ndipo carvedilol, woyambidwa pa mlingo wocepa, amateteza mtima ku mkwapulowo.

Palinso zinthu zimene zimaonjezera mphamvu ya mthengayu mwini wake osadziwa. Ndudu iliyonse imatulutsa noradrenaline cifukwa ca nicotine. Mankhwala ena a cimfine ogulidwa popanda kalata ya dotolo ali ndi pseudoephedrine kapena phenylephrine, amene amatsegula mphuno mwa kufinya mizipe, ndipo amafinya ndi ya thupi lonse yomwe. Wa BP awerenge pa bokosi kapena afunse wogulitsa. Amitriptyline, amene amaperekedwa kwa obvutika maganizo ndi kwa amene mapazi amawaocha cifukwa ca mitsempha yoonongeka, amaletsa mtsempha kuyamwanso noradrenaline, ndipo nayenso amabweretsa cizungulire ponyamuka. Amene akumwa mankhwala awa pamodzi ndi a BP auze namwino.

Manja ozizira

Munthu akataya magazi ambiri pobereka kapena pa ngozi ya pamseu, kapena akataya madzi monga zinacitikira anthu ambiri pa mliri wa kolera wa 2023 mpaka 2024, noradrenaline amatseka mizipe ya pakhungu, ya m'matumbo ndi ya ku impso kuti otsalawo apite ku mtima ndi ku ubongo. Kwa kanthawi BP ingaoneke yabwino ndipo wodwala angamalankhule. Koma manja ndi mapazi amazizira, mtima umathamanga, mkodzo umacepa. Acibale akaona zimenezi asayembekezere kuti kuce. Wotsegula m'mimba apatsidwe madzi a ORS m'njira, ngati angathe kumwa, ndipo afikitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo, cifukwa mthengayo akalephera BP imagwa kamodzi n'kamodzi.

M'zipinda za odwala kwambiri noradrenaline wopangidwa ku fakitale amagwiritsidwa nchito ngati mankhwala. Tizilombo tikafalikira m'magazi mizipe imalefuka, ndipo madzi a dripi akalephera kukweza BP, iye ndiye mankhwala oyamba amene madokotala amasankha. Mphamvu yake m'magazi imatha m'mphindi zocepa cabe, tero amalowetsedwa mosalekeza ndi kamakina, namwino ali pafupi.

Lilipo bvuto lina losaoneka kawirikawiri limene liyenera kuchulidwa cifukwa limacizika. Kacotupa kochedwa phaeochromocytoma kamamera m'tiziwalo tija ta pamwamba pa impso ndi kumathira noradrenaline kapena adrenaline wocuruka nthawi ndi nthawi. Wodwala amagwidwa mwadzidzidzi ndi mutu waukulu, thukuta la kamuzumuzu ndi kugunda kwa mtima, BP itakwera zedi, kenaka zimatha ngati sizinacitike. Munthu wotere, makamaka ngati ali wacinyamata kapena ngati mapiritsi a mitundu ingapo alephera kutsitsa BP yake, auze dotolo zizindikiro zitatuzo pamodzi kuti atumizidwe ku cipatala cacikulu. Kumeneko amapima mkodzo kapena magazi, ndipo kacotupako kakapezeka kamacotsedwa ndi opaleshoni.