Woponya ndi womenya aphunzire moyang'anizana pabwalo la softball

MTENGULENI: Mwambo wa Nc'wala, umene unayambanso kucitika m'caka ca 1980, umasonkhanitsa khamu la anthu kuno pa Ciweru comaliza ca mwezi wa February. Amene anaonapo amuna akuvina ngoma pamaso pa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni adziwa kuti mnyamata wa dera lino sacita kupita kusukulu kuti adziwe kagwiridwe ka cibonga, pakuti amacizolowera kubusa ali wamng'ono. Atsikana nawonso amakula akuzindana ndi mpira wansanza, wina kuponya wina kuzemba, mpaka dzuwa kulowa. Dzanja lolunjika ndi diso lakuthwa zotere ndizo zimene masewera a softball amafuna, ndipo nkhani ino tikulembera aphunzitsi ndi atsogoleri a acinyamata amene afuna kuphunzitsa ana masewerawa.

Softball inayambira mumzinda wa Chicago ku America m'caka ca 1887, pamene George Hancock ndi anzake anamanga golovesi ya nkhonya ngati mpira ndi kuyamba kuimenya ndi mtengo wa tsace. Dziko la Zambia si mlendo pa masewerawa, cifukwa timu ya akazi a dziko lino inakasewera nawo mpikisano wa dziko lonse ku Osaka, Japan, m'caka ca 1970. Masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympics mu 1996. Timu iri yonse imakhala ndi osewera 9. Woponya amazunguza mkono ndi kutulutsira mpira m'munsi, pafupi ndi ncafu, ndipo womenya akaumenya amathamanga kuzungulira mabesi anai otalikirana mamita 18.

Tsono vuto lagona pa kaphunzitsidwe. Nkwapafupi kupatula oponya kuti aziponyera wowakha kumbali, omenya nawo nkumamenya timipira timene mphunzitsi akuwaponyera mofatsa ngati akupatsa mwana lalanje. Onse amaoneka akatswiri kufikira tsiku la mpikisano. Pamenepo woponya, poona munthu ataima ndi ndodo patsogolo pake, dzanja limanjenjemera kuopa kumlasa, ndipo mpira umapita kuchire. Womenya nayenso amadzidzimuka, pakuti mpira wothamanga makilomita 60 pa ola umadutsa mamita 12 sekondi imodzi isanakwane, ndipo mwana amene sanauonepo amagwedeza ndodo mpira uli kale m'manja mwa wowakha. Mankhwala ake ndi amodzi: awiriwa aziyang'anizana kawiri-kawiri pa maphunziro, woponya akuponya ndi mphamvu zake zonse, womenya akuyesetsa kumgonjetsa, monga momwe zidzakhalira pa tsikulo.

Komatu kungowaika pamodzi popanda dongosolo ndi kutaya nthawi. Tiyerekeze kuti mphunzitsi ali ndi ana 16 ndi ola limodzi, ndipo waimika onse pamzere kuti aliyense amenye mipira khumi. Mwana aliyense adzagwira ndodo mphindi zosakwana zinai, mphindi zotsalazo adzakhala akuthamangitsa ziwala. Woponya yekha ndiye adzaponya mipira 160. Tisaiwale kuti mtsikana amene wabwera kubwalo wasiya ndowa yopanda madzi ndi nkhuni zosatola, ndipo amai ake akamva kuti masana onse anangoima padzuwa, mlungu wamawa sadzamlola. Kunena zoona sitingawadzudzule.

Njira yabwino ndi iyi. Pa ana 16 aja patulani oponya awiri ndi owakha awiri, ndipo 12 otsalawo muwagawe m'magulu atatu a ana anai-anai. Gulu loyamba limenye, laciwiri lilonde pafupi ndi mabesi, lacitatu liime kutali kudikira mipira youluka. Ngakhale m'gulu lomenya pasakhale wokhala pansi: wina ali pomenyera, wotsatira wake aime patali ndithu akupenya dzanja la woponya ndi kuyeseza kugwedeza ndodo pa nthawi yake, ena akhale pa mabesi kuphunzira kuthamanga. Aliyense akalowa kawiri, magulu asinthane malo mothamanga.

Cacikulu ndi kuwerenga monga m'masewera eni-eni. Womenya akalephera katatu pa mipira yolunjika watuluka, ndipo woponya akasokeretsa kanai womenya amapita pa besi yoyamba ulere. Mphunzitsi aime kumbuyo kwa woponya ndi kulengeza mokweza, osakondera, ngakhale womenyayo akhale mwana wa aphunzitsi akulu. Pofuna kufulumiza, yambani ngati kuti womenya waphonya kale kamodzi ndipo woponya wasokeretsa kale kamodzi. Mukatero palibe amene angazengereze. Nthawi zina muziwapatsa nkhani: "Pa besi yaciwiri pali mnzanu, awiri atuluka kale, timu yanu yatsalira ndi cigoli cimodzi." Mwana amene wazolowera kugunda kwa mtima kotere pabwalo la kwao sadzanjenjemera pabwalo la eni.

Posankha oyang'anizana, musaike kamtsikana koyamba kumene pamaso pa woponya waukali kuposa onse. Kakalasidwa m'nthiti tsiku loyamba simudzakaonanso. Ofanana mphamvu ayambe kulimbana okha-okha, ndipo wolimba mtima mudzimkweza pang'ono-pang'ono. Ana osakwana zaka 10 aponyere pa mamita 10 ndi theka, a zaka 11 ndi 12 pa mamita 12, akulu pa mamita 13. Yesani mtundawu ndi cingwe comanga mfundo, cifukwa mapazi a munthu amanama.

Tinenepo za mkono wa woponya. Kwa zaka zambiri anthu ankati kuponyera m'munsi sikutopetsa phewa, motero mwana mmodzi waluso ankasenzetsedwa timu yonse. Madokotala openda matupi a osewera anapeza kuti phewa la woponya softball limakokeka kwambiri ndithu, ndipo lingathe kuvulala likagwira nchito mopitirira. Akulu anati ng'oma yomveka sicedwa kung'ambika. Ife tiona kuti nkwanzeru kuti oponya awiri aja azilandizana: wina akaponyera omenya anai, ndiye kuti mipira 15 kapena 20, apumule pamthunzi ndi kumwa madzi mnzake akuponya. Pa dongosolo limeneli mwana aliyense adzaponya mipira pafupi-fupi 50 pa tsiku, ndipo m'mawa mwake mkono upumule. Asanayambe, athamange pang'ono ndi kuponyerana mofatsa mphindi khumi. Mwana akanena kuti phewa kapena cigongono cikuwawa, aleke pomwepo. Ana ambiri sanena, kuopa kulandidwa malo, cotero mphunzitsi apenye yekha: woponya amene anali kulunjika bwino akayamba kukweza mipira kumwamba kapena kutikita phewa, watopa.

Dzina la masewerawa m'Cingerezi litanthauza mpira wofewa, koma musanyengedwe nalo. Mpirawo, umene kuzungulira kwake ndi masentimita 30, kapena 28 kwa ana aang'ono, ndi wolimba kokwanira kugulula dzino. Womenya avale cisoti colimba, wowakha avale cochinga kumaso ndi pacifuwa. Sukulu imene iribe zimenezi isachove njuga ndi mitu ya ana a eni: igwiritse nchito mpira wa tenisi kapena wa mphira kufikira zidazo zitapezeka, pakuti diso limaphunzira cimodzimodzi. Woponya ndiye ali pangozi yaikulu, cifukwa akaponya amatsala pafupi ndi womenya, ndipo mpira womenyedwa bwino umabwerera mwaliwiro kuposa momwe unapitira. Ngati cochinga kumaso cilipo cimodzi cowonjezera, mpatseni iyeyo. Pabwalo pazikhala mpira umodzi wokha nthawi iri yonse, ndipo womenya aphunzire kuika ndodo pansi akamenya, osaiponya kumbuyo kumene kuli wowakha. Mwana akagundidwa m'mutu acoke m'masewera tsiku limenelo ngakhale anene kuti ali bwino, makolo ake auzidwe, ndipo ngati akumva cizungulire, akusanza kapena akusokonezeka polankhula, mutengereni kucipatala msanga.

Bwalo lisankhidwe losalala, lopanda zitsa, miyala ndi maenje a ziboda za ng'ombe amene amauma mvula ikatha. Popeza maphunziro amacitika masana sukulu itaweruka, womenya ayang'ane ca kum'mawa kuti dzuwa lisamthobwe m'maso. Tiana timene timatsatira akulu awo kubwalo tikhale patali, kuseri kwa mzere wolembedwa ndi phulusa, ndipo pakhale wamkulu wotiyang'anira. Miyezi ya May mpaka August, pamene kukolola kwatha ndipo kunja kukuzizira, ndiyo yokoma pa nchitoyi. M'mwezi wa October dikirani kuti dzuwa lipendeke, ndipo cigubu ca madzi cisasowe.

Mwana mmodzi wodziwa masamu apatsidwe kope ndi pensulo, azilemba mipira imene woponya aliyense waponya ndi kuculuka kwa imene inalunjika. Woponya amene mlungu uno walunjika mipira 20 mwa 50, ndipo patapita mwezi walunjika 30, adzadzionera yekha kuti akukwera, ndipo kope lomwelo lidzakumbutsa mphunzitsi kuti ciwerengero ca tsikulo cakwana. Ana akazolowerana kwambiri, mpaka womenya aliyense kudziwiratu kaponyedwe ka mnzake, lemberani kalata sukulu yoyandikana nayo kuti oponya ake adzayese omenya anu, inunso mudzawabwezere ulendo mwezi wotsatira. Mutsekere maphunziro dzuwa likadalipo, kuti ana a m'midzi yakutali akafike kwao kusanade.