Operekeza alendo usiku mu mzinda wa Prague

Dzuwa likamapendeka mu Prague, likulu la dziko la Czech Republic, operekeza alendo a masana amakhala atatopa, mawu atasasa. Nthawi yomweyo pabwalo lalikulu la mzinda wakale pamayamba kufika anzawo a usiku. Sasowa ayi. Wina wavala chimkanjo chakuda chofika m'mapazi, wina wanyamula nyali, wina wangokweza ambulera yowala kuti omufuna amuonere patali. Amaima pafupi ndi wotchi yotchuka ija ya pakhoma la nyumba yakale ya khonsolo, n'kumaitana mayina a anthu amene analipiriratu pa intaneti. Gulu likakwana amanyamuka wapansi, ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri.

Ntchito yawo ndi yosiyana ndi ya anzawo a masana pa chinthu chimodzi chachikulu: usiku zitseko zambiri zimakhala zotseka. Matchalitchi atseka, masunagoge atseka, nyumba zosungiramo zinthu zakale zatseka. Wamasana akasowa chonena amaloza chithunzi kapena denga lopakidwa golide, maso a alendo n'kutanganidwa. Wausiku amaima kunja kwa khomo lotseka, m'kamsewu kopanikiza, ndipo katundu wake yense ali pakamwa. Ife amene tinakulira pa nthano za madzulo, zija amati wina akayamba ena n'kuvomera kuti tili tonse, tikudziwa kuti mdima umathandiza wokamba, koma umamuyalutsanso msanga ngati alibe luso.

Nkhani zambiri zimene amagulitsa zimazungulira mfumu imodzi, Rudolf II, amene ankalamulira Ufumu Woyera wa Roma ndipo mu 1583 anasamutsa likulu lake kuchoka ku Vienna kudzakhala ku Prague. Anali munthu wokonda kudzipatula, wosonkhanitsa zojambula, mawotchi, miyala ndi zinyama zachilendo, ndipo kufikira imfa yake mu 1612 mzindawu unkakoka akatswiri a zakuthambo, asing'anga ndi anthu a luso la alchemy. Luso limeneli linali kusungunula miyala, kutcheza madzi a zitsamba ndi kusakaniza mercury, sulufule ndi mchere, poyembekezera kupeza njira yosandutsira mtovu kukhala golide komanso mankhwala otalikitsa moyo. Ena mwa anthuwa anali ophunzira enieni, monga Michael Maier, dokotala wa mfumu, ndi Michael Sendivogius wa ku Poland. Ena anali akathyali.

Amene amadyetsa operekeza alendo kuposa onse ndi Edward Kelley. Anafika ku Prague mu 1584 pamodzi ndi John Dee, katswiri wa masamu amene ankalangiza Mfumukazi Elizabeth I ya ku England. Kelley ankati amaona angelo m'mwala wonyezimira, Dee n'kumalemba zimene angelowo akunena. Dee anabwerera kwawo mu 1589, koma Kelley anatsala, mfumu inamukweza pa ulemu, ndipo anakhala ndi nyumba ndi minda. Mu 1591 anamangidwa n'kutsekeredwa mu linga la Křivoklát. Atatuluka anadzamangidwanso, ulendo uno ku Most, kumene anafera cha m'ma 1597, ndipo anthu amati anathyoka mwendo poyesa kuthawa pakhoma. Golide amene mfumu inkadikira sanaoneke. Woperekeza alendo akaima pa Jánský vršek, m'munsi mwa linga la mfumu, kutsogolo kwa nyumba imene amati Kelley ankakhalamo, safunika kuwonjezera mchere. Moyo wa munthuyu ndi nthano kale.

Tiyeni tiwatsatire operekezawa pang'ono kuti tione mmene amagwirira ntchito. Pabwalo la Mariánské náměstí pali nyumba ya khonsolo ya mzinda, ndipo pa ngodya zake pali ziboliboli ziwiri zimene anasema Ladislav Šaloun. Chimodzi ndi cha msilikali wovala zachitsulo, nkhope yobisika, amene nthano imati anapha bwenzi lake chifukwa cha nsanje, mtsikanayo n'kumutemberera akufa, kotero kuti mpata womasuka amaupeza kamodzi pa zaka 100. Woperekeza wodziwa ntchito sayambira patali. Amaimika gulu lake pansi penipeni pa chibolibolicho, iye n'kuima moti kuwala kwa nyali ya mumsewu kumugwere mbali imodzi ya nkhope. Amatsitsa mawu, osati kukweza, kuti akumbuyo asendere. Akafika pa temberero amakhala chete kanthawi, gulu lonse zii. Kenako amasuntha anthu msanga, chifukwa gulu lina likudikira malo omwewo, ndipo pakati pa operekeza pali ulemu wosalembedwa wakuti mnzako akamakamba sumuimira pafupi.

Kutchalitchi cha Yakobo Woyera nkhani ndi ya mkono wouma wopachikidwa pa unyolo pafupi ndi khomo, mkati. Amati ndi wa mbala imene inafuna kuba zokongoletsa pa chiboliboli cha Maria, chibolibolicho n'kuigwira dzanja osaitaya mpaka ogulitsa nyama a m'deralo anachita kuudula mkonowo. Usiku alendo sauona. Woperekeza amaujambula ndi mawu okha, n'kuwauza kuti abwere mawa masana adzadzionere. Pabwalo lalikulu amawawerengetsa mitanda yoyera 27 yoyalidwa m'miyala ya pansi, pamene atsogoleri 27 a kuukira kwa anthu a ku Bohemia anaphedwa pa 21 June 1621. Apa palibe nthano, ndi magazi enieni.

Ndipo apa ndi pamene ntchitoyi imagawikana pawiri. Pali operekeza amene amasakaniza zoona ndi zopeka mumphika umodzi, mlendo n'kupita kwawo akukhulupirira zonse mofanana. Palinso amene amakamba nthano ndi mtima wonse, ikatha n'kunena zimene zolembedwa zakale zimasonyeza. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ndipo sindikuona kuti nthano imachepa mphamvu ikatsatidwa ndi zoona.

Tengani wotchi ija. Nthano imati anaipanga ndi mmisiri Hanuš, ndipo akuluakulu a mzinda anamuboola maso kuti asakapangire mzinda wina yoposa pamenepo. Iye pobwezera anapisa dzanja m'makina ake n'kuiimitsa. Nkhaniyi inafala kwambiri kudzera m'buku la nthano zakale za Acheki limene Alois Jirásek anatulutsa mu 1894. Koma wotchiyo ndi ya mu 1410, ndipo anaipanga ndi Mikuláš wa ku Kadaň mothandizana ndi katswiri wa zakuthambo Jan Šindel. Hanuš analipodi, koma anadzagwirapo ntchito patapita zaka pafupifupi 80. Kamsewu ka Golden Lane, m'kati mwa linga la mfumu, anthu amati ndi kumene osaka golide ankakhala; zoona zake n'zakuti m'tinyumba timeneto munkakhala alonda a lingalo ndi osula golide, ndipo m'kanyumba ka nambala 22 Franz Kafka ankalemberamo mu 1916 ndi 1917. Kapena Tycho Brahe, katswiri wa nyenyezi wa ku Denmark amene anafera ku Prague mu 1601 ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha Týn. Panali mphekesera yakuti anadyetsedwa mercury, ena mpaka kuloza chala wothandizira wake Johannes Kepler. Manda ake anatsegulidwa mu 2010, ndipo kafukufuku anapeza kuti m'thupi mwake munalibe mercury wokwanira kupha munthu. Woperekeza amene akunenabe mpaka lero kuti Kepler anapha bwana wake, ndiye kuti anasiya kuwerenga kalekale, ndipo akunamizira munthu amene sangadziyankhire.

Ngakhale alchemy yeniyeniyo imakoma kwambiri ikakambidwa moona. Dziko la Bohemia linali ndi migodi ya siliva ku Kutná Hora ndi ku Jáchymov, choncho kudziwa kuyesa mwala kuti muli siliva wochuluka bwanji inali nkhani ya chuma cha ufumu. Lazarus Ercker, amene anadzakhala mkulu woyang'anira migodi, anasindikiza buku lake la kayesedwe ka miyala ku Prague komweko mu 1574. Ng'anjo, timiphika tosungunulira ndi masikelo a woyesa miyala zinali zomwezo zimene wosaka golide ankagwiritsa ntchito. Mfumu imene inkaona siliva akutuluka m'mwala wakuda sinali yopusa poganiza kuti mwina golide angatuluke mu mtovu. Mlendo akamva zimenezi amasiya kuseka anthu akale aja, amayamba kuwamvetsa.

Malo amene amayesa khalidwe la woperekeza kwambiri ndi Josefov, dera lakale la Ayuda. Aliyense amafuna kumva za Golem, chimunthu chadothi chimene amati Rabi Judah Loew anaumba ndi dongo la mumtsinje wa Vltava kuti chiteteze anthu ake, ndipo chitayamba kulusa anachigoneka m'denga la sunagoge wotchedwa Old-New, womangidwa cha m'ma 1270. Rabi Loew anali munthu weniweni, mphunzitsi wamkulu amene anaonana ndi Rudolf mu 1592 ndipo anamwalira mu 1609. Chiboliboli chachiwiri cha Šaloun pa nyumba ya khonsolo ija ndi chake. Koma nkhani yomulumikiza ndi Golem inayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1800, patapita zaka zoposa 200 iye ali m'manda, ndipo inatchuka padziko lonse ndi buku la Gustav Meyrink la mu 1915. Sunagogeyo anthu akupempheramobe. Chapafupi pomwepo, pa makoma a sunagoge wa Pinkas, panalembedwa mayina a Ayuda pafupifupi 78,000 a ku Bohemia ndi Moravia amene anaphedwa ndi a Nazi. Kuima pamalo otere n'kumachititsa nthumanzi alendo ndi mawu a mizukwa, osatchula n'komwe chifukwa chimene anthu ozunzidwa ankalotera mtetezi wadothi, ndi kulakwira eni malowo. Woperekeza wabwino amafika apa atatsitsa nyali, ndipo amanena zonse ziwiri.

Nanga anthuwa ndi ndani, ndipo amapezamo chiyani? Ena ndi ophunzira a mbiri yakale, ena ndi ochita zisudzo amene masana amakhala kokonzekera sewero, ena ndi obwera ochokera kumayiko ena amene anakhazikika mumzindawu, popeza maulendo ambiri amachitika m'Chingerezi, Chijeremani, Chisipanishi ndi Chitaliyana. Ambiri sali pa malipiro a pamwezi; amalandira malinga ndi maulendo amene ayenda. Makampani a pa intaneti monga GetYourGuide ndi Viator, amene amabweretsa alendo, amadula gawo lawo pa tikiti iliyonse. Palinso maulendo amene amalengezedwa kuti ndi aulere, mlendo n'kupereka zimene mtima wake wakonda pomaliza. Ambiri sadziwa kuti kawirikawiri woperekezayo amalipira kampani pa mutu uliwonse umene wabwera, kotero kuti mlendo wozemba mwakachetechete ulendo usanathe amamusiyira ngongole. Pamwamba pa izo pali nyenyezi zimene alendo amapereka pa Tripadvisor. Madandaulo angapo, ngakhale a mvula imene iye sanaigwetse, amatha kumutsitsa pa mndandanda.

Nyengo nayo ili ndi zake. Mu June dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndiye woperekeza amakamba za mizukwa kunja kuli mbee, kapena amayamba mochedwa n'kukafika kunyumba pakati pa usiku. Mu December mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo, nthano n'kumakoma, koma kuzizira kumafika poumitsa madzi, ndipo miyala ya m'misewu imaterera. Maondo ndi pakhosi ndi zimene zimayamba kutha. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, mzinda umene chaka cha 2019 unalandira alendo pafupifupi 8 miliyoni unangoti zii, ndipo ambiri mwa anthuwa anakasaka ntchito zina.

Alendo atabwerera, anabwera ndi mavuto awo. Paja walira mvula walira matope. Pakati pa mzindawu, pamene UNESCO inaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1992, pamakhalabe anthu amene amafuna kugona. Lamulo la dzikolo limafuna bata kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo mu October 2024 khonsolo inaletsa makampani kuyendetsa magulu a alendo m'malo omwera mowa m'maola amenewa. Operekeza a nthano si amene ankalondoledwa ndi chiletsocho, koma amayenda m'timisewu tomwe tija, pansi pa mawindo a anthu, ndiye wanzeru amadziwa poimika gulu ndi potsitsa mawu. Kuyambira mu 2021 boma limafunanso kuti woperekeza alendo akhale ndi chiphaso, ndipo ziphasozo zili pawiri: china chimaperekedwa popanda maphunziro apadera, china ndi cha amene asonyeza kuti anaiphunzira ntchitoyi. Chiphaso chimathandiza, koma sichingakuuzeni ngati munthuyo amasiyanitsa Hanuš wa m'nthano ndi Mikuláš wa m'zolembedwa.

Zimenezo mudzazidziwa nokha. Mukadzapezeka ku Prague, kaya pa maphunziro, pa msonkhano kapena kokacheza, dzapatuleni madzulo amodzi muyende nawo. Valani nsapato zolimba ndi chofunda. Nthano ikatha mufunseni woperekezayo kuti zinachitika chaka chanji ndipo analemba ndani. Akakuyankhani mosabisa kuti apa ndi mbiri, apa ndi nthano, mwapeza mmisiri, ndipo mumulipire mosaumira.