Mwana Akamaopa Mvula

Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi mtsinje wa Ruo. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo madzi, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ndi minda. M'dziko muno anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa. Banja lathu linapulumuka, koma mng'ono wanga, amene anali ndi zaka 7, sanakhalenso monga kale.

Mvula ikangoyamba kulira pamalata, iye ankabisala pansi pa tebulo. Anayambiranso kukodza pogona, ankadandaula za m'mimba, ndipo kusukulu ankakana. Bambo ankayesa ulesi, namamuuza kuti, "Mwamuna salira."

Apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya. Mwana sadziwa kunena kuti ali ndi nkhawa. Munthu akaopsedwa kwambiri, thupi lake limakhalabe tcheru ngati ngozi ikadalipo. N'chifukwa chake mantha a mwana amatulukira m'maloto oopsa, m'kusafuna kudya ndi m'kukakamira amayi ake. Ife achinyamata timabisa mwina: timakwiya msanga, timadzipatula, ena mpaka amayamba chamba kapena kachasu.

Amene anatitsegula maso ndi agogo aakazi. Iwo anaona Napolo wa mu 1991 ku Phalombe, nthawi imene deralo linali m'boma la Mulanje. Tsiku lina anamukhazika mwanayo pamphasa ndi kumufunsa kuti, "Kodi mvula ikamagwa umaona chiyani, mdzukulu wanga?" Analankhula nthawi yaitali, iwo osamudula mawu. Kenaka anamuuza kuti nawonso ankachita mantha pambuyo pa Napolo. Bambo anali pakhonde akumva zonse, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanamukalipirenso.

Tsono makolo athu okondedwa, pali zinthu zinayi zimene mungachite. Choyamba, mverani mwana kufikira atamaliza, osamuseka kapena kumukwapula. Chachiwiri, muuzeni zoona molingana ndi msinkhu wake. Musamulonjeze kuti namondwe sadzabweranso, koma mumuonetse kumene banja lidzathawire. Chachitatu, bwezerani moyo wa masiku onse: kudyera pamodzi, sukulu, mpira ndi anzake. Zinthu zozolowereka zimakhazika mtima pansi. Chachinayi, zizindikiro zikapitirira mwezi osachepa, pitani naye kuchipatala. Akanena zofuna kudzipha, musayese nthabwala, pitani tsiku lomwelo. Palinso nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limathandizirapo ana.

Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Bala la pamwendo mumaliona ndi kulitsuka msanga. La mumtima limafuna kuti mufunse. Mng'ono wanga amadzidzimukabe mvula ikakula usiku, koma tsopano amadzutsa bambo, amacheza pang'ono, ndi kugonanso.