Cithunzi cimodzi cingadyetse banja kangapo

Wojambula wacinyamata amatha mwezi wathunthu pa cithunzi cimodzi, kenaka nkucigulitsa pamtengo wozizila cifukwa mwini nyumba wafika pakhomo kufuna lendi. Cithunzi capita, ndalama zatha, ndipo mnyamata uja wabwelela pomwe anayambila. Ife tikuti njila ina ilipo: kusindikiza makope a cithunzico ndi kumagulitsa amenewo.

Nchito imeneyi si yacilendo m'Zambia muno. Malemu Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 ndi kumwalila mu 1987, anali kusema cithunzi pathabwa, kupakapo inki ndi kudinda pamapepala ambili. Mayi Cynthia Zukas, amene pamodzi ndi a Tayali ndi a Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust mu 1986, nawonso amadziwika ndi zithunzi zodinda.

Makope ali mitundu iwili. Ena amadindidwa pamanja kucokela pathabwa kapena pa lino, ndipo lililonse limawelengedwa ngati nchito ya manja a wojambula. Ena amacokela ku cithunzi ca penti cimene cajambulidwa ndi kamela, nkusindikizidwa pamakina. Onse ali ndi msika wake, koma wogula auzidwe zoona. Kugulitsa kope la makina ngati cithunzi ceniceni ndi kuba, ndipo mbili yoipa simacedwa kufala.

Musanayambe, tsimikizani ciwelengelo. Mukati makope adzakhala 20, lembani ndi pensulo pansi pa lililonse 1/20, 2/20 mpaka lomaliza, ndi kusainapo dzina lanu. Akatha, athe. Munthu amalipila bwino podziwa kuti zinthuzo ndi zocepa, conco mukaonjezela ena mwakabisila mwanamiza onse amene anagula poyamba.

Nanga mtengo? Tiyelekeze kuti cithunzi canu cingagulidwe K3,000 kamodzi kokha. Makope 20 pa K300 lililonse abweletsa K6,000, cithunzi cikali m'manja mwanu. Koma pa ndalamazo cotsamponi za pepala, inki, pulasitiki yokutila ndi za basi, ndiye mudziwe phindu lenileni. Pepala likhale lokhuthala ndipo inki ikhale yosafwifwa msanga. Yambani ndi makope ocepa a saizi ya A4 kapena A3, pakuti amenewa amalowa m'cikwama ca mlendo popanda vuto.

Kogulitsa kulipo. Ku Lusaka kuli Henry Tayali Art Centre ku Showgrounds, komwe kuli bungwe la Visual Arts Council, ndiponso Kabwata Cultural Village kumene alendo amapita kukagula zosemasema. Ku Livingstone kuli msika wa Mukuni Park ndi National Art Gallery imene inatsegulidwa mu 2014. Anzathu akum'mawa asaiwale malo ogona alendo ku Mfuwe, kumene anthu obwela kudzaona nyama ku South Luangwa amafuna kanthu kokakumbukila ulendo wawo.

Mukasiya makope pasitolo kapena pamalo ogona alendo kuti akugulitsileni, lembelanani pepala: makope angati, mtengo wake, gawo limene mwini malo adzatengapo, ndi tsiku lolipila. Pangano la pakamwa lathetsa maubwenzi ambili.

Foni nayonso ndi sitolo. Onetsani nchito yanu pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ndalama zifike pa Airtel Money kapena MTN katundu asananyamuke. Ikani zithunzi zazing'ono cabe, kuti wina asazitenge nkukasindikiza yekha.

Dziwaninso ufulu wanu. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza nchito ya wojambula moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalila. Wogula cithunzi wagula cinsalu ndi penti, sanagule mphamvu yosindikiza makope, pokhapokha mutamupatsa mphamvuyo molemba. Cifukwa cake jambulani cithunzi ciliconse ndi kamela yabwino cisanacoke m'nyumba, apo ayi mudzasowa posindikizila.

Kwa ife ogula, pempho ndi limodzi. Mphunzitsi kapena namwino sangakwanitse cithunzi ca masauzande, koma kope angalikwanitse. Makoma athu ambili ali ndi kalendala ya caka catha. Tikacotsapo kalendalayo ndi kupacikapo nchito ya mwana wa kwathu, lendi yake ya mwezi uno yayamba kupezeka. Paja akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.