Kampopi ka Mafuta pa Njinga Yamoto: Tizitseka Liti?

Makolo ndi ophunzira athu, m'makomo mwathu ambiri muli njinga yamoto, kaya ya kabaza, kaya yolimbira misewu yafumbi ngati zija amayendera alangizi a zaumoyo ndi zaulimi. Poopa akuba, ambiri timailowetsa m'nyumba usiku, momwemo mogona ana. Nchifukwa chake taona kuti ndi bwino tifotokoze za kachipangizo kamene ambiri sakalabadira: kampopi ka mafuta kokhala pansi pa thanki, kawirikawiri kumanzere.

Pa kampopika pamalembedwa ON, OFF ndi RES. Pa ON mafuta amalowera kupaipi yayitali ya m'thanki. Akachepa mpaka kutsika pansi pa paipiyo, injini imayamba kutsamwa, ndipo timapotozera pa RES kuti titunge otsalira pansi. Pa OFF njira imatsekeka.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Thanki ili pamwamba, kabuleta ili pansi, choncho petulo amatsika yekha ngakhale injini itazima. Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo pang'ono. M'kambalemo muli fuloti, kachinthu koyandama kamene kamakankha kasingano kotseka khomo petulo akadzaza. Ngati kampopi tasiya pa ON, ndiye kuti petulo yense wa m'thanki akutchingidwa ndi kasingano kameneka kokha. Kamchenga kamodzi kakakodwa pamenepo, kapena kasinganoko kakatha, petulo amangoyenderera usiku wonse. Pa njinga zoyenda m'fumbi, kapena zothiridwa mafuta a m'zigubu, zimenezi sizachilendo.

Petuloyo amalowera kuwiri. Akhoza kudontha pansi kudzera m'kapaipi kotayira. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imayenda chapansipansi mpaka kukapeza mbaula, kandulo kapena koloboyi. Akhozanso kulowa mu injini. Pa injini ya four-stroke amadutsa m'mbali mwa pisitoni nkukasakanikirana ndi oyilo, oyiloyo nkusanduka wamadzimadzi, zitsulo nkuyamba kudyana. Pa injini ya two-stroke amaunjikana pansi pa injini, njinga nkumakana kulira. Akadzaza mu silinda, pisitoni imalephera kumupanikiza poti zamadzi sizipanikizika, ndipo kukakamiza kuliza kukhoza kupinda chitsulo chogwira pisitoni.

Nanga tizitseka liti?

Choyamba, nthawi iliyonse imene tikuimika njinga kwa maola angapo, makamaka usiku. Tikangotsika kuti tigule mchere pagolosale sikofunika kwenikweni, koma chizolowezi chotseka sichiwononga kanthu.

Chachiwiri, ponyamula njinga pa lole kapena pa pikapu. Mabampu amagwedeza fuloti, kasingano nkumatseguka pang'onopang'ono ulendo wonse.

Chachitatu, njinga ikagwa. Ikakhala chogona fuloti sagwira ntchito. Tiyambe tazimitsa injini, titseke kampopi ngati tingakafikire, kenako tiidzutse.

Chachinayi, tisanamasule paipi ya mafuta kapena kabuleta. Ntchito imeneyi tiziichitira panja, injini itazizira, kutali ndi moto komanso osuta fodya.

Chachisanu, njinga ikakhala yoima kwa masabata angapo. Apa kutseka kokha sikukwanira. Titseke injini ikulira, tiisiye mpaka izime yokha, kapena tikhuthule kambale kaja pomasula kasikuluwu ka pansi pake. Petulo akauma m'kabuleta amasiya zomatirira zimene zimatseka timabowo ting'onoting'ono. Tikumbukirenso kuti kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo madzi akakhalitsa m'kambalemo amawononga zitsulo.

Palinso nthawi zimene kampopi sikathandiza. Pangozi sikazimitsa injini msanga, chifukwa m'kambale mumakhala mutatsala petulo woti njinga nkulirabe kwakanthawi. Zikatero gwiritsani ntchito kiyi kapena swichi yofiira ya pachiwongolero. Musatsekenso muli paulendo poganiza kuti mukupulumutsa mafuta potsetsereka. Ndipo m'mawa musaiwale kutsegula: njinga imalira bwinobwino, imayenda pang'ono, kenako nkuzima mwadzidzidzi, mwina pamene mukulowa mumsewu waukulu galimoto ikubwera. Mukathira mafuta bwezerani pa ON, chifukwa mukayendabe pa RES mafuta adzakutherani kotheratu popanda chenjezo.

Si njinga zonse zili chimodzimodzi. Zina zili ndi kampopi kolembedwa ON, RES ndi PRI, kopanda OFF. Kotere kamatseka kokha injini ikazima, bola kakhale pa ON kapena RES. Pa PRI mafuta amangotsika osaima, choncho musakasiye pamenepo. Njinga za fuel injection kawirikawiri sizikhala ndi kampopi, poti mafuta amakankhidwa ndi pampu yoyendera magetsi. Yang'anani njinga yanu kuti mudziwe mtundu wake.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili limanunkha petulo. Mukamva fungolo m'nyumba, musayatse machesi kapena kukhudza swichi ya magetsi. Tsegulani zitseko ndi mawindo, tulutsani ana, kenako njinga. Mukaona oyilo wachuluka kuposa mmene munathirira, kapena akununkha petulo, musalize injini mpaka makaniko atakonza kabuleta ndi kusintha oyiloyo. Ngati mafuta akudonthabe kampopi kali pa OFF, ndiye kuti mphira wa mkati mwake watha, kasinthidwe.

Inu ophunzira, kuyendetsa njinga yamoto dikirani kaye mpaka mutakula ndi kupeza chiphaso. Koma madzulo ano, bambo kapena achimwene akamalowetsa njinga m'nyumba, afunseni mwaulemu kuti, “Kodi mwatseka mafuta?”