Kodi mumadziwa? Nyimbo imene Nina Simone anapeka atakwiya

Nina Simone, woimba wa ku America, anapeka nyimbo ya "Mississippi Goddam" mu 1963 mtima ukuwawa. Mu June chaka chimenecho Medgar Evers, womenyera ufulu wa anthu akuda, anawomberedwa ku Mississippi. Mu September bomba linapha atsikana anayi m'tchalitchi ku Birmingham, Alabama. Nyumba zina zoulutsa mawu za kumwera kwa dzikolo zinakana kuulutsa nyimboyi, zina mpaka zinabweza malekodi ataphwanyidwa.

Kwa nthawi yaitali olemba mbiri ya nkhondo ya ufuluyi ankatchula kwambiri abusa, maloya ndi andale, oimba n'kumawaona ngati ongosangalatsa khamu. Mu 2005 katswiri wa mbiri yakale, Ruth Feldstein, anafalitsa kafukufuku mu Journal of American History wosonyeza kuti nyimbo za Simone zinali mbali yeniyeni ya nkhondoyo.